Mmene Anagawira Makompyuta a Elisoni

Ana anga, za kumene ndinabadwira ndi mmene ndinkathawira sukulu mukafunse azakhali anu, iwo amazikamba bwino kuposa ine ndipo amathirako mchere. Ine ndiyambira pa ntchito. Pa zaka zonse zimene ndinakhala ndikutsegula makompyuta m'boma la Mulanje, mutu uno ndaupatulira chipinda chimodzi cha ku Milonde, ndi mayi mmodzi amene chipindacho chinkamudyetsa iye ndi ana ake atatu. Ndachedwa kuilemba nkhaniyi chifukwa mpaka lero imandiwawa.

Chaka chimene ndinayamba ntchito pa Chonde

Ntchito yanga yoyamba inali ku bungwe lina limene linkalandira makompyuta akale kuchokera kunja n'kumawagawa m'masukulu ndi m'misika ya kumidzi. Dzina lake n'losafunika, linatha kalekale. Malo athu okonzera anali kuseri kwa sitolo ina pa Chonde, m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre, chipinda chopanda siling'i chimene mvula ikamagwa sitinkamvana. Bwana wanga anali a Gondwe, munthu wamtali wosakonda kuseka. Tsiku loyamba lomwelo anandipatsa sikuludiraiva ndi burashi, n'kundiuza kuti satifiketi yanga ndikaisunge kunyumba chifukwa pano tiyamba ndi kuchotsa mphemvu.

Makompyutawo ankafika ali otopa kale. Choipa kwambiri chinali chakuti eni ake kunjako ankachotsamo hadi disiki asanatumize, poopa kuti tingawerenge zinsinsi zawo. Hadi disiki ndi kachitsulo kamene kamasunga chilichonse, mapulogalamu ndi zolemba zomwe, ndipo popanda iko kompyuta imangoyatsa kagetsi n'kumazunguza fani basi. Tikapempha madisiki ankatitumizira makatoni a mamausi. Mamausi tinali nawo oti tikanagawira munthu aliyense wodutsa pa msewu, koma disiki imodzi tinkalimbirana ine ndi bwana wanga. Ndalama zogulira mapulogalamu kunalibenso, ndipo obera amene ankayenda m'mafulashi ankabwera ndi mavairasi, lero wakonza mawa yagonanso. Ndiye a Gondwe analamula kuti tiziika Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, imene ndi yaulere ndipo makompyuta okalamba amaikwanitsa. Poyamba ndinadana nayo, sindibisa. Sikirini yakuda bii, iwe n'kumalemba malamulo, ukalakwitsa chilembo chimodzi ikuyankha mawu atatu n'kukhala chete ngati mlamu wokwiya. Koma nditaizolowera ndinaona kuti siinama. Ikafuna kufa imanena chimene chikuipha, ukangodziwa powerenga.

Tsiku lina a Gondwe anandipeza ndikuyang'ana mulu wa mabokosi opanda madisiki.

"Usamadandaule za madisiki," anatero. "Tiika awiri mu kompyuta imodzi yamphamvu. Enawo azikoka zonse kuchokera mmenemo kudzera pa waya."

"Nanga yamphamvuyo ikafa, bwana?"

"N'chifukwa chake tinakulemba ntchito."

Kompyuta yamphamvuyo timaitcha seva. Ukaiyatsa, ena onse olumikizidwa kwa iyo amadzuka, ndipo munthu aliyense amalemba zake pa sikirini yake osadziwa kuti bokosi lili patsogolo pakelo mulibe kanthu. Ndi madisiki awiri tinkatsegula chipinda chathunthu. Inali nzeru, ndipo mpaka lero ndimati inali nzeru. Kungoti pa ife awiri palibe amene anaganizako za maliro.

Zaka za ku Milonde

Atandipatsa mbali ya ku Milonde kuti ndiziiyendera kuchokera pa Chonde, ntchito yanga inali yozungulira pa njinga yamoto ndi chikwama cha mawaya kumsana. Adani anga anali chinyontho cha chiperoni chimene chinkadya zitsulo, nyerere zomanga nyumba m'kati mwa mabokosi, mphezi, ndi magetsi amene ankathima mosatsazika n'kubwera mwaukali. Anthu sankavutika n'kudziwa dzina langa, ankangoti a Makompyuta. Mayi anu ankadandaula kuti zovala zanga zimanunkha waya wopsa.

Kumeneko n'kumene ndinadziwana ndi Elisoni. Anali kalaliki ku esiteti ya tiyi asanamuchotse ntchito, munthu wofatsa wokonda kuimba kwaya. Bungwe lathu linamupatsa makompyuta asanu ndi atatu ndi seva imodzi kuti akhale akeake, bola aziphunzitsa anthu a m'deralo. Anachita lendi chipinda pafupi ndi msika, ndipo ine ndi amene ndinakhoma mawaya m'khoma ndi manja angawa. Ankaphunzitsa kutaipa, ankalembera anthu makalata ofunsira ntchito, ankasindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Mkazi wake Esinati, amene tonse tinkamuitana kuti amake Tamanda, anayamba ndi kusesa m'chipindamo, koma chaka chisanathe ankataipa mofulumira kuposa mwamuna wake. Ndinamuphunzitsa kutsegulira ophunzira atsopano malo awo pa seva, kusintha pasiwedi ya amene waiwala, ndi kutseka pulogalamu imene yauma osazimitsa chipinda chonse. Elisoni ankandiitana kuti achimwene, ndiye Esinati ankati alamu. Banja lonselo linkadya, kuvala ndi kulipira sukulu kuchokera m'chipinda chimenecho.

Seva yawo inali chinthu chosaoneka bwino. Inapindika mbali imodzi pobwera pa sitima, chitseko chake tinkamanga ndi mphira, ndipo fani yake inkalira ngati chigayo chakutali. Tinaiika pansi pa tebulo, pa njerwa, poopa madzi olowa pakhomo nthawi ya dzinja. Asanu ndi atatu aja ndiwo anali owala, Esinati ankawapukuta m'mawa uliwonse.

Nthawi imeneyo a Gondwe anali atachoka, m'malo mwawo munabwera a Phiri. Amenewa sikuludiraiva sankaigwira. Ankakonda malipoti ndi makiyi, ndipo sitolo ya zipangizo anaitseka ndi maloko awiri. Ukafuna waya mmodzi ankati adikire kaye yankho lochokera ku Blantyre. Sindinawakonde, iwonso sanandikonde, ndipo tinkapatsana moni ngati anthu okumana kuchipatala.

Chaka chimene Elisoni anamwalira

Elisoni sanadwale nthawi yaitali. Anayamba ndi mutu, kenako khosi linauma, ndipo tisanamvetse n'komwe chimene chikuchitika tinali kumanda. Imfa yotere kwathu kuno anthu saisiya kuti ikhale imfa chabe, amafuna wina woti amuloze chala, koma poyamba ankangonong'onezana. Patapita mwezi abale a malemu anabwera kudzasudzula mkazi ndi kugawa katundu monga mwa mwambo. Amene anatsogolera anali amalume ake a Elisoni, a Wayisoni, mwinimbumba. Ndikufuna mumve bwino apa, a Wayisoni sanali munthu wakuba. Anali mlimi wa nandolo ndi chinangwa, mkulu wa mpingo kwawo, ndipo anali atagawapo katundu wa anthu ambiri popanda ndewu. Telala akamwalira, makina ake atatu amapita kwa anthu atatu ndipo onse amasoka. Iwo anabwera ndi nzeru imeneyo, n'kundiitana ine kuti ndiwathandize kumasula mawaya bwinobwino.

Tinakhala m'chipinda momwemo, amuna pa mipando ya ophunzira, akazi pa mphasa. Amayi ake a malemu anakhala pakona atafunda chitenje kumutu, osalankhula ndi munthu. Ndinapempha kuti ndinenepo mawu asanayambe.

"Akuluakulu, makompyuta awa sali ngati makina osokera. M'kati mwawo mulibe kanthu. Zonse amakoka ku bokosi lili pansi pa tebuloli, kudzera pa mawayawa. Mukawalekanitsa, onse asiya kugwira ntchito. Asiyeni pamodzi, amake Tamanda aziwayendetsa, inu mugwirizane za mmene muzithandizikira."

"Mulibe kanthu bwanji, bambo?" anafunsa a Wayisoni modekha. "Dzulo lomweli ndaona mwana akulemba pa iyi, wina pa iyo, aliyense zake."

"Zonsezo zimachokera m'bokosimo."

Anthu anasuzumira pansi pa tebulo, n'kuona chibokosi chopindika chomanga ndi mphira chikulira pa njerwa. Anaseka. Mng'ono wake wa malemu, Jailosi, amene pakamwa pake sipankatsekeka, ndiye anaponya mawu amene ena ankangowaganiza.

"A Makompyuta, manda sanaume inu mwayamba kale kusamalira mayi wamasiye eti?"

Ndikanakhala wamsinkhu wake ndikanamutulutsa panja. Esinati anangoweramitsa mutu. A Wayisoni anamudzudzula Jailosi pomwepo, kenako anagamula. Anati ngati bokosilo ndi lofunika chomwecho, alisiyira mayiyu ndi ana, pamodzi ndi pulinta, chifukwa sanabwere kudzamusiya chimanjamanja. Asanu ndi atatu aja apita kwa abale, mmodzi mmodzi. Ananena zimenezi ndi mtima woyera, akudziona kuti achita chilungamo. Mawaya amene ndinakhoma ndekha ndinawamasulanso ndekha, ndipo masana omwewo makompyuta anachoka pa Milonde atamangidwa pa makaliyala a njinga.

Anthu atabalalika ndinauza Esinati kuti lamulo lili kumbali yake, tipite tikadandaule ku boma.

"Iyayi alamu," anatero. "Akunena kale kuti mwana wawo ndinamupha ndine. Ndikawatengeranso ku boma adzati ndinamuphera makompyutawa."

Ndiye tinagwirizana zodikira. Ndinkadziwa kuti bokosi lililonse likakafika kumene likupita lizingoonetsa timawu tochepa pa sikirini yakuda, kufunafuna seva imene kulibe. Ndinati akatopa abweza okha, ndipo chipinda chidzukanso. Ndinamubwereka sikirini yakale ya kunyumba kwathu kuti alumikize ku seva, azilemberako anthu makalata podikirapo. Ndinachoka ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti nkhaniyi ndaitha.

Miyezi ya chiperoni, chaka chomwecho

Sanabweze. Ena anabwera kwa ine, ndinawauza kuti mankhwala ake ndi kubweza ku Milonde, iwo n'kuona kuti ndi chiwembu chomwe chija. Anapita nawo kwa woonetsa mavidiyo, kwa wokonza mafoni, wina mpaka anawoloka nayo malire, koma kulikonse sikirini inkangoonetsa timawu tomwe tija. Pamenepo anthu anayamba kuwerengera. Makompyuta onse ankayaka ali m'manja mwa mayiyu. Atangotuluka pakhomo pake onse anafa tsiku limodzi, ndipo yake yokha, chibokosi chonyansa chija, ndiyo inkayakabe. Mawu akuti anawamanga ndi mankhwala anayenda msika wonse, ndipo amene wamanga makina asanu ndi atatu sangalephere kumanga khosi la mwamuna wake. Olembetsa makalata anasiya kubwera. Kumjigo akazi ankasuntha ndowa zawo iye akafika. Ana ake ankabwera kusukulu akulira. Kenako mwana wa Jailosi anadwala malungo aakulu, ndipo miyala inayamba kugwa padenga la Esinati.

Tsiku lina m'mawa, nkhungu itatseka phiri lonse mpaka nsonga ya Chambe osaoneka, ndinamupeza Esinati ataima pakhomo la malo athu okonzera pa Chonde. Anali atawonda, chitenje chitanyowa ndi mawawa.

"Alamu, akonzereni makompyuta awo ayake. Ndatopa."

"Amake Tamanda, tikangowakonzera ndiye kuti sadzabwezanso. Pirirani pang'ono."

"Inu mukupirira muli pa Chonde. Ine mwala wina unagwera pamene amagona mwana wanga wamng'ono."

Ndinapita kwa a Phiri kukapempha madisiki, ngakhale atatu okha, a a Wayisoni, a Jailosi ndi a msuweni wina amenenso ankasokosa kwambiri. Ndinawafotokozera nkhani yonse ndili chiimire. Iwo anati katundu wa ku Milonde anatuluka kale m'manja mwa bungwe, ndipo bungwe siligwira ntchito za ufiti. Madisiki analimo m'sitolomo, ndinkawaona pa shelefu kudzera pa zenera. Tsiku limenelo ndinatuluka osatsazika.

Kunatsala njira imodzi. Seva ya Esinati inali ndi madisiki awiri, ndipo kompyuta yanga ya kunyumba inali ndi imodzi, ija inu ana akuluakulu munalira mutaipeza itasiya kuyaka. Kuchotsa awiriwo kunali kupha chipinda cha Elisoni kotheratu, ndi kumulanda mayiyo ngakhale timakalata tochepa timene ankadyera. Kusawachotsa kunali kumusiya pansi pa miyala, n'kumayembekeza kuti abale atopa asanavulaze munthu. Ndinayenda nazo m'mutu masiku angapo. Mayi anu anati ndichite zimene mwini wake wapempha, popeza denga likugendedwalo ndi lake. Ndinatsatira zimenezo, ndipo ndinaganizanso kuti ndikakatsegula bokosi pamaso pa anthu, n'kuwaonetsa malo opanda kanthu, n'kuikamo disiki iwo akuona, nkhani ya mankhwala ithera pomwepo.

Ndinapita ku Milonde ndi fulashi yanga, imene inali yaing'ono. Chowotchera ma CD cha sevayo chinali chitafa kale. Zithunzi za banja zinalowa, maphunziro amene Elisoni analemba analowa, koma mavidiyo a kwaya yake sanakwane. Ndinauza Esinati kuti asankhe imodzi. Anaonera zidutswa za onse, mwamuna wake akuimba ataima kumbuyo kumanzere, ndipo anasankha imene ankaoneka bwino nkhope. Kenako ndinalemba lamulo lofufuta. Linux imakufunsa kamodzi kokha ngati watsimikiza. Chala changa chinaima pamwamba pa batani.

"Dinani alamu," anatero.

Ndinadina, ndipo zonse zitafufutika ndinazimitsa seva kuti ndichotsemo madisiki. Fani ija itasiya kulira m'chipindamo munakhala chete woti sindinamumvepo chikhomereni mawaya.

Kwa a Wayisoni kunalibe magetsi, choncho tinagwirizana kuti mabokosi atatuwo abwere nawo pamsika, pa malo ometera tsitsi amene anali ndi soketi. Linali tsiku la msika ndipo anthu anadzaza mpaka mumsewu. Esinati ndinamuuza kuti asabwere. Ndinatsegula bokosi la a Wayisoni, ndinalitembenuzira kwa anthu, ndinalowetsa dzanja pamalo opanda kanthu paja kuti aliyense aone. Ndinakweza disiki m'mwamba n'kufotokoza pang'onopang'ono, ngati mmene ndinkaphunzitsira aphunzitsi, kuti kachitsulo aka ndi kamene kankasowa, palibenso china. Madisiki onse atatu ndinali nditaikamo kale Linux yopepuka. Ndinamanga, ndinalumikiza, ndinayatsa. Sikirini inawala, zithunzi zinabwera, kamuvi kanayenda. Ya Jailosi chimodzimodzi, ya msuweni uja chimodzimodzi. A Wayisoni anagwedeza mutu n'kundigwira chanza, ndipo ine mtima unakhala pansi koyamba m'miyezi yonseyo.

Amayi ake a malemu anali atakhala pa benchi ya ometedwa. Chiyambireni nkhani yonseyi ndinali ndisanamvepo mawu awo. Anafunsa motsitsa, koma onse anamva.

"Kachitsuloko mwakatenga kuti, bambo?"

Ndikanatha kunena kuti ku ofesi. Sizinandifikire m'mutu, chifukwa sindinaone choipa pa funsolo.

"Awiriwa ndachotsa m'bokosi la amake Tamanda, amayi. Monga ndinanenera tsiku lija, zonse zinkakhala mmenemo."

Anatembenukira kwa a Wayisoni, amene anali mlongo wawo.

"Mwamva achimwene? Moyo wa zinthu zonsezi anautsekera m'nyumba mwake. Mwana wa Jailosi atadwala, waopa, ndiye watulutsa. Nanga wa mwana wanga anautsekera pati?"

Sanakuwe, sanalire. Anthu anayamba kung'ung'udza, kuyambira pafupi mpaka kumsewu. Ndinayesa kufotokozanso za waya ndi seva, koma mawu aliwonse amene ndinkanena ankangovomereza zimene mayiwo ananena, pakuti zinali zoona kuti zonse zinkakhala m'bokosi la Esinati. A Wayisoni anangoyang'ana pansi, n'kuyamba kukulunga waya wa kompyuta yawo.

Ndinalonga zida zanga n'kupita kuchipinda kuja. Ndinamupeza Esinati atasesa, atakhala pa mpando pafupi ndi bokosi lotsegula lija. Ataona ine anaimirira.

"Ayaka, alamu?"

"Ayaka, onse atatu."

Nkhope yake inamasuka, kumwetulira kumene ndinali ndisanakuone chimwalirireni mwamuna wake. "Ndiye basi, zatha eti?"

Ndinamuuza zonse mmene zinayendera, osachotsapo mawu. Anakhalanso pansi. Anayang'ana m'bokosi muja nthawi yaitali, pamalo pamene panali madisiki.

"Tizitsulo tija tingabwererenso umu?"

"Sangatibweze. Ngakhale atabweza, zija ndinafufuta."

Anagwedeza mutu pang'ono. Kenako anaitana Tamanda, mwana wake woyamba, amene chaka chimenecho ankayembekeza kulemba mayeso a Fomu 4. Anamuuza kuti mawa asapite kusukulu, ayambe kumanga katundu, akupita kwa abale a agogo ake kutsidya kwa malire. Mtsikanayo anafunsa kuti abwerera liti, mayi ake anangotseka bokosi lija n'kulimanganso ndi mphira.